Msomali Umene Shehata Anazula

Pamene wotsogolera sewero anakuwa kuti zatha, aliyense aone msana wa njira, Shehata anali atafa kale kambirimbiri usiku umenewo, ndipo nthiti zinali zitayamba kudandaula. Anadzuka pansi pang'onopang'ono n'kusasa fumbi pamkanjo wake. Palibe amene anamupatsa dzanja. Mtembo ukamaliza ntchito yake, ndani amaukumbukira?

Ntchito ya Shehata inali kufa. Anzake olembedwa patsiku ankakhala khamu lodutsa mumsewu kapena operekera tiyi, koma iye Mulungu anamuninkha mphatso imodzi yokha: akagona pansi n'kutong'ola maso, ntchentche inkatha kumuyenda pachikope iye osaphethira. Choncho masewero a pa kanema a apolisi ofufuza opha anthu, amene amachuluka ngati bowa mu Cairo mwezi wa Ramazani ukafika, ankamulimbirana. Anabayidwapo, anavuulidwapo mumtsinje wa Nailo, anagwetsedwapo kuchokera panyumba yosanja. Kwawo ku Duweika ana ankamutcha Malemu, ndipo wogulitsa nyemba pakona akamuona m'mawa ankamufunsa ngati kumanda amupatsa tchuthi.

Amene sankaseka ndi mkazi wake, Awatef. Mimba ziwiri zinali zitapita padera, ndipo yachitatuyi inali itafika pamene munthu amayenda atagwira m'chiuno. Mayiyo sanaletse mwamuna wake ntchito, poti mwana akubwerayo sadzayamwa mphepo, koma anaika lamulo limodzi: imfa ya kuntchito izitsala panja. Shehata asanaponde pakhomo ankayamba wasamba pampopi wa pamzikiti, kuchotsa magazi abodzawo mpaka m'zikhadabo, ndipo Awatef ankamuunika m'khosi ndi kuseri kwa makutu asanamulole kulowa. Shehata ankanyinyirika, koma mumtima mwake mantha anali omwewo. Analumbira pa maso ake awiri kuti imfa sidzalowa m'nyumba mwawo atainyamula ndi iye.

Gawo limene ankajambula usiku umenewo linali la munthu wopezeka atabayidwa ku Karafa, m'timisewu ta pakati pa manda, kumene amoyo amakhala m'mabwalo a akufa n'kumayanika zovala pamwamba pawo. Mlonda wa mbali imeneyo, a Gaber, mkulu wa ndevu zoyera amene ankakumbanso manda ndi kusambitsa maliro, analandira ojambulawo ndi manja awiri. Anatulutsa mipando, anaphika tiyi, anathamangitsa agalu, mpaka anacheza ndi Shehata n'kumufunsa za kwawo ndi za banja. Kamodzi kokha ndi pamene nkhope yawo inasintha. Wotsogolera ataloza pansi, pafupi ndi chitseko chobiriwira cha a Gaberwo, n'kunena kuti mtembo ugone apa, mkuluyo anati kutsogoloko kuli malo osalala kuposa pamenepo. Wotsogolerayo sanatembenuke n'komwe. Gawolo linkayenera kuonetsedwa mawa lake futari, chakudya chomasulira kusala dzuwa likalowa, ikangotha, ndipo munthu wothamanga chotero samva za mlonda.

Shehata atagona chagada, anamva kanthu kakumubaya pakati pa mapewa. Anapirira. Wosewera wamkulu, amene anali bwana wa ofufuza aja, anagwada pambali pake ndi jekete lake lakuda, n'kuiwala mawu, n'kuyambiranso, n'kuiwalanso, kanthu kaja kakungoboola. Pa nthawi yopuma, a Gaber atalowa kukateleka tiyi wina, Shehata anafukula ndi chala napeza mutu wa msomali. Anabwereka chopanira kwa wamagetsi. Msomaliwo unakana, unakana, kenako unazuka, wautali ngati chikhatho, wadzimbiri lokhalokha. Iye anangouponya m'thumba, poti mmphawi sataya msomali. Sanadzifunse kuti munthu angakhomerenji msomali m'dothi, pamalo popanda thabwa. Paja safunsa anadya phula.

Tsopano basi ya ogwira ntchito inali kulowera kutsidya kwa mtsinje, kosiyana ndi kwawo. Anayesa kuimitsa tukutuku, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, pamsewu waukulu, koma woyendetsa woyamba atangoona munthu wa nkhope yotuwa ngati phulusa, mkanjo uli psuu kumimba, anakhotetsa n'kuliyatsa liwiro. Wachiwiri anamukuwira kuti katundu wotere amanyamula ndi achipatala. Magaziwo anali uchi wa nzimbe wosakaniza ndi utoto, wonunkhira ngati sitolo ya maswiti, koma usiku ndani angayambe wakununkhiza asanakukweze? Panatsala njira imodzi yokafikira ku Duweika nthawi ya daku, chakudya cha m'bandakucha cha osala kudya, isanathe, ndiyo kudula pakati pa manda. Anadzilimbitsa mtima ndi zimene amadziwa aliyense, zoti mu Ramazani ziwanda zimakhala zomangidwa maunyolo. Ndiponso, anadziseka yekha, mtembo ungaope chiyani kumanda?

Poyamba njira inali ya anthu. M'mabwalo ena munkawala nyali zamitundumitundu, mafuta okazingira akununkhira. Pabwalo lina banja lonse linali litazungulira kanema woikidwa pamwamba pa manda, ndipo Shehata anamva nyimbo ya sewero lawo lomwe lija. Anasuzumira, nadziona yekha akutulutsidwa m'buti ya galimoto, miyendo ili lendelende. Mayi wina anacheuka, n'kuona nkhope yomweyo itaima pachipata. Analavulira m'chifuwa mwake pothamangitsa tsoka, n'kutseka chipata kuti mbwee. Shehata anaseka mpaka pakona.

Atakhota pakonapo, nyali zinatha.

Makoma anatalika mbali zonse ziwiri. Zitseko zachitsulo, maloko adzimbiri, mayina a mabanja amene anaiwala kale njira ya kuno. Phokoso la mzinda, lomwe silitha ngakhale pakati pa usiku, linangomira ngati wina walivundikira. Ankamva nsapato zake zokha, tsekwe, tsekwe, m'fumbi. Anayesa kuimba mluzu koma milomo inali itauma. Uchi uja unali utayamba kumata mkanjo pakhungu, ndipo nthawi iliyonse akaponda, msomali unkamugunda pantchafu.

"Mtendere ukhale nanu, achimwene."

Mawuwo anachokera pambali pake penipeni, ngati munthuyo wakhala akuyenda naye kuyambira kale. Shehata anayankha moni, poti moni sabweza ndi liwiro, ndipo anayang'ana chamseri. Anali bambo wamsinkhu wake, wowonda, wovala mkanjo woyera. Khutu lakumanzere linali lodukira nsonga. Phazi limodzi linali ndi patapata, linalo linali lopanda kanthu. Shehata anapuma. Chigawenga sichiyenda ndi nsapato imodzi. Ameneyu anali mmodzi wa okhala kuno, kapena wozungulira mutu, ndipo awiri mumdima amaposa mmodzi.

Anayenda limodzi kamtunda.

"Munagona molakwika," anatero mlendoyo.

Shehata anafunsa kuti kugona kwake kuti.

"Pachitseko chobiriwira paja. Munthu wobayidwa pamenepo sagwa chagada. Amagwa chafufumimba, dzanja lili kunsi kwa nthiti, m'kamwa mutadzaza dothi."

Mu Cairo aliyense ndi katswiri wa masewero, kuyambira wometa tsitsi mpaka wopempha pamlatho, choncho Shehata anaseka n'kunena kuti zimenezo akauze wotsogolera, iye amangofa mmene amuuzira. Mlendoyo sanaseke. Ananena kuti anawaona abwana aja a jekete lakuda atagwada pamalopo, akuyang'ana dothi mofatsa, galimoto ya apolisi ili poteropo, nyali zikuthwanima. Anati wawadikira nthawi yaitali abwana otero. Ankadziwa kuti tsiku lina adzabwera.

Apa Shehata anamva chisoni. Anafotokoza mofatsa, ngati mmene umauzira mwana, kuti aja si apolisi enieni. Mfuti ija ndi yapulasitiki, galimoto ija ndi yobwereka, ndipo abwana a jekete lakudawo anakomokapo tsiku lina wamagetsi atadzicheka chala. Mlendoyo anangoyenda, maso kutsogolo, ngati mawuwo akudutsa pamwamba pa mutu wake.

"Wakuphayo amamupeza?"

"Nthawi zonse," anatero Shehata. "Gawo lisanathe amakhala atamumanga."

"Ndiye mukawauze."

Kutsogolo kwawo kunali agalu atagona pakati pa njira, agalu a kumanda amene amauwa ngakhale mthunzi wa mphaka. Anadzutsa mitu. Sanauwe. Anaimirira mmodzimmodzi, michira pakati pa miyendo, n'kumabwerera chafutambuyo mpaka kukakanirira kukhoma. Sankayang'ana Shehata.

Mlendoyo anapitiriza ndi mawu omwe aja, osakwera osatsika. Anati pachitseko chobiriwiracho panaphedwa munthu, chifukwa cha kachipinda kamene kali kuseri kwake. Apolisi a nthawi imeneyo anabwera, anamwa tiyi, anapita.

"Mukawauze abwana anuwo kuti asavutike n'kufunsa anthu ambiri. Dzanja limene linakhoma msomali ndi lomwelo limene linagwira mpeni."

Msomali...

Dzanja la Shehata linapita lokha m'thumba. Chitsulocho chinali chozizira ngati chatuluka m'madzi oundana. Ndani anamuona akuuzula? Wamagetsi anali atapita kukakodza. Ena onse anali pa tiyi. Palibe anaona. Palibe!

Anafulumiza mapazi. Mlendoyo anali pambali pake. Anafulumizanso. Anali pomwepo, osapuma mwabefu, osatsalira. Pamenepo ndi pamene Shehata anatchera khutu pansi. Tsekwe, tsekwe. Nsapato zake. Nanga patapata ija? Patapata imalira ikamenya chidendene, mwana aliyense amadziwa. Iyi inali zii.

Fungo linasintha. Uchi sunkamvekanso. Kunkamveka fungo la kumsika wa nyama dzuwa likapendeka, lolemera, lolowa mpaka kukhosi.

Pamphambano panali babu limodzi lolendewera pawaya. Shehata sanafune kuyang'ana, koma maso ali ndi mwano. Kunsi kwa nthiti za mlendoyo, kumanzere, pamkanjo woyera panali banga lakuda. Linali kukula. Likutsika. Likudontha kumpendero, koma fumbi pansi linali louma gwa. Ndipo pakhoma panali mthunzi umodzi wokha, wa Shehata.

"Musaope, achimwene," anatero mlendoyo, ndipo kwa nthawi yoyamba anatembenuza nkhope. M'mphepete mwa milomo yake munali dothi. "Ndikuperekezani mpaka mutawauza. Mukapita kwanu, tipitira limodzi."

Shehata anathawa.

Anathamanga atakwinya mkanjo m'manja. Kumanzere. Kumanja. Khoma! Anabwerera. Anapunthwa pamwala, anagwa, anadzuka. Pemphero lililonse limene analoweza ali mwana linathawa m'mutu, panatsala dzina la Mulungu lokha likutuluka ndi mpweya. Timisewu tonse tinali tofanana. Zitseko zomwezo. Maloko omwewo. Sanacheuke. Kwanu... tipitira limodzi... Anaona Awatef ataima pakhomo, dzanja m'chiuno, ndipo anakhota dala kusiya mbali ya phiri kumene kunali kwawo. Kulikonse, koma osati kumeneko.

Kuwala! Kamzere kachikasu kunsi kwa chitseko. Anadziponya pamenepo n'kumenya ndi zikhatho zonse ziwiri. Chitseko chitatseguka ndi pamene anaona mtundu wake. Chinali chobiriwira. Anali atazungulira manda onse n'kubwerera pomwe anafera usiku womwewo.

A Gaber anamukokera m'kati, n'kumukhazika pamphasa. Kachipindako kanali kaudongo: bedi, mbaula, fosholo ndi khasu pakona, shelefu yokhala ndi zitini ndi nyundo. Mkuluyo anamuthirira tiyi, akumuseka kuti Malemu athamangitsidwa ndi anansi awo omwe. Shehata anagwira kapu ndi manja awiri. Anafuna kulira chifukwa cha chisangalalo chongoona munthu wokhala ndi mthunzi. Anayamba kufotokoza mosokoneza: munthu wowonda, mkanjo woyera, khutu lodukira nsonga, patapata imodzi.

Kapu ya a Gaber inaima m'malere isanafike pakamwa.

"Khutu liti?"

"Lakumanzere."

Mkuluyo anaika kapu pansi mosamala kwambiri.

"Ameneyo ndi Metwali," anatero. "Ankakhala m'chipinda chino. Anafa kalekale, mwana wanga. Ana amene anabadwa chaka chimenecho pano akumeta ndevu. Anamupeza m'mawa panja apo, atagwa chafufumimba, patapata inayo osaoneka."

Shehata ananong'ona kuti nanga si Ramazani ino, si ziwanda zili m'maunyolo? A Gaber anapukusa mutu. Anati maunyolo ndi a ziwanda, koma magazi a munthu wophedwa ndi nkhani ina. Magazi otero sagona. Amadzuka n'kumayenda usiku, pokhapokha wina atatenga msomali watsopano, umene sunalowepo m'thabwa, n'kuukhoma pamalo pomwe anagwera mpaka mutu ulowe m'dothi. Ana a m'tauni a masiku ano sadziwa zimenezi. Atanena choncho anayang'ana dzanja la Shehata, limene linali litafumbata thumba, ndipo anamvetsa. Anatukwana pansipansi.

"Mwazula? Zaka zonsezi wakhala ali phee! Ndinamusambitsa ndine, ndinamuika ndine, ndipo msomali umenewo ndinakhoma ndekha, ndi dzanja langali."

Anakweza dzanjalo. Linali lalikulu, la mitsempha yotupa, dzanja la munthu amene wagwira fosholo moyo wake wonse.

Shehata analiyang'ana.

A Gaber anatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono. Anaimirira, anapita kuchitseko, n'kukankha mpiringidzo. Kenako anabwera kudzaima pafupi ndi shelefu ija, chigongono chitatsamira pambali pa nyundo.

"Mwayenda naye mtunda wautali," anatero mofatsa. "Anakuuzani chiyani?"

Panalibe kothawira. Kukuwa kukanamveka kwa akufa okha. Ndiye Shehata anachita chinthu chimodzi chimene ankachidziwa padziko lapansi. Anafa. Anamasula nsagwada, anatsitsa mapewa, anachotsa chilichonse m'maso mwake mpaka anangotsala mabowo awiri. Mtima unkagunda ngati ukufuna kuswa nthiti, koma pankhope panalibe kanthu. Dontho la thukuta linatsika pamphumi n'kulowa m'diso. Linaluma ngati tsabola. Sanaphethire.

"Anati ndinagona molakwika," anayankha ndi mawu ozizira. "Anati munthu amagwa chafufumimba."

"Basi?"

"Basi. Kenako ndinaona magazi, ndinathawa."

A Gaber anatenga nyali pamsomali wa pakhoma n'kuibweretsa pafupi ndi nkhope yake, pafupi kuposa mmene kamera iliyonse inayandikirapo. Kutentha kwa galasi kunamveka patsaya. Mkuluyo anayang'ana diso ili, n'kuyang'ana linalo. Anayang'ana pakhosi. Shehata anasiya kupuma. Anadikira mawu aja oti zatha, amene amadzutsa mtembo, koma muno munalibe wowanena.

Potsiriza a Gaber anaseka kaphwete kouma n'kubweza nyali. Anati Metwali anali wotero ngakhale ali moyo, wokonda kukonza anzake. Anati msomali wakalewo autaye, sungagwirenso ntchito. Masitolo akangotsegula m'mawa iwo akagula watsopano, ndipo nkhani yonse ibwerera m'dothi mmene inalili. Anatsegula chitseko, n'kumulozera njira: alunjike khoma lalitali, asakhote mpaka aone magetsi a msewu waukulu.

"Mukapereke moni kwa mayi a kunyumba," anawonjezera, dzanja lili paphewa la Shehata. "Paja munati Duweika, pamwamba pa ophika buledi? Mulungu awathandize achire bwino."

Shehata anayenda. Sanathamange mpaka atamva chitseko chikutsekedwa, ndipo atayamba kuthamanga sanaime mpaka anawoloka msewu waukulu, magalimoto akumuimbira mabelu ndi kumutukwanira makolo. Matusi amenewo anamukomera ngati nyimbo. Anacheuka koyamba. Kumbuyo kwake kunalibe munthu, makoma a manda okha ali chete kutsidya.

Ku Duweika moyo unali uli m'kati. Wang'oma wodzutsa anthu kuti adye daku ankadutsa m'munsi akuitana mayina a eni nyumba. Pa ophika buledi panali mzere. Wogulitsa nyemba anamukuwira kuti lero Malemu achedwa, kodi manda anatsekedwa ndi loko? Shehata anangodutsa. Anapita pampopi wa pamzikiti, anavula mkanjo n'kutsala ndi malaya am'kati, anasamba nkhope, khosi, kuseri kwa makutu, anakolopa m'zikhadabo mpaka zinawawa. Mkanjowo anaukulunga n'kuuponya m'mgolo wa zinyalala. Msomali anauponya m'ngalande, ndipo anadikira mpaka anamva kuti chubwi. Anaganiza kuti wachita zonse. Za Metwali anaganiza kuti si zake. Iye ndi ndani? Munthu wolipidwa kuti agone pansi. M'mawa msomali watsopano ulowa m'dothi, ndipo aliyense apitiriza kukhala mmene amakhalira. Manyazi anali nawo, koma munthu amatha kugona nawo manyazi.

Anakwera masitepe amdima a nyumba yawo n'kugogoda mmene amagogodera masiku onse.

Awatef anatsegula ali ndi nyali m'manja, tsitsi lili pamtunda, mpango utagwera m'mapewa. Kumbuyo kwake kunkaoneka mphasa itayalidwa, mbale ya nyemba, mazira, buledi wotentha, ndi kabedi kakang'ono kamene anabwereka kwa mchemwali wake. Anayamba kumukalipira za kuchedwa, kwinaku akumuunika m'khosi monga mwa nthawi zonse. Anafunsa kumene mkanjo wapita. Kenako anasiya chiganizo pakati.

Maso ake anadutsa paphewa la mwamuna wake. Dzanja lake linakwera msangamsanga, n'kukoka mpango kuphimba tsitsi.

Mkazi sadziphimba kumutu chifukwa cha mwamuna wake.

"Inunso a Shehata, bwanji osanena kuti mukubwera ndi mlendo?" anatero Awatef, akumwetulira mwamanyazi, akusuntha kuti apereke njira. "Pepani bambo, m'nyumba muli mmene mulili, koma chakudya chikwana. Kodi nsapato inayo mwataya kuti? Lowa..."

Shehata anamutseka pakamwa ndi chikhatho mawuwo asanathe. Mlendo woitanidwa pa daku sabwezedwa, ndipo ameneyu akanangomva liwu lonse akanalowa. Phazi la Shehata linali m'malere, pamwamba penipeni pa khomo. Analibweza.

Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mimba ija, ndipo anamuuza motsitsa kuti atseke chitseko, aike mpiringidzo, asatsegulire munthu aliyense mpaka iye atabwera, ngakhale mkulu wa ndevu zoyera wodziwa dzina lake. Awatef anafuna kufunsa, koma anaona nkhope ya mwamuna wake, ndipo ulendo uno panalibe chimene inabisa. Shehata anakoka yekha chitsekocho. Anaima mpaka anamva chitsulo chikulowa m'malo mwake.

Mumdima wa pamasitepe fungo la kumsika wa nyama linali paliponse.

Polisi yeniyeni inali kumunsi, kupitirira mlatho wa oyenda pansi. Ankadziwa mmene akamulandirire: munthu wovala malaya am'kati, amene dera lonse limamutcha Malemu, kudzanena kuti watumidwa ndi wakufa. Akamuseka mpaka misozi, mwina akamugoneka m'chitolokosi kuti mutu uzizire. Koma kachipinda kaja kanali ndi mwini wake wakale, mkulu uja ananena ndi pakamwa pake, ndipo masitolo anali asanatsegule.

Sanacheuke.

"Si abwana a jekete lakuda aja," anauza Metwali. "Awa sapeza munthu nthawi zonse. Koma tiyeni, achimwene."

Anayamba kutsika. Pamasitepe pankamveka mapazi a munthu mmodzi, ndipo fungo lija linachoka pakhomo pa Awatef n'kutsika naye.